Anastaziya, Woveka Makanda Ubweya M'chilimwe

Anastaziya anabwerera ku Ngauma chaka cha 1953 atasenza bokosi lachitsulo, mmenemo muli tindodo tiwiri tolukira ndi zovala zotha za mwana wa Mzungu. M'kamwa anali ndi mawu a Chipwitikizi okwanira kuthamangitsira galu. Mumtima anali ndi chikhulupiriro cholimba kuposa chimene anavomera pa ubatizo wake, choti mwana savekedwa poyang'ana mmene kunja kwachera, amavekedwa poyang'ana dzina la mwezi.

Ku Cuamba kumene anaphunzira zimenezi sanapiteko mwakufuna. Mwamuna wake Manueli anatengedwa kukagwira chibalo pa njanji, iye n'kumulondola, atasiya mwana wawo mmodzi yekhayo, Felesita, m'manja mwa achibale. Manueli anamwalira sitima itangoyamba kufika, ngati munthu amene watsiriza chimene anamuitanira. Boma silinabwere pamaliro. Linali lotanganidwa ndi ntchito yaikulu yosintha dzina la tauniyo kuti ikhale Nova Freixo, dzina limene palibe wa ku Ngauma anadzivutapo nalo kulitchula. Anastaziya anapeza ntchito yolera mwana kunyumba ya kalaliki wa pa siteshoni, ndipo kumeneko ndi kumene mutu wake unalowa mphepo imene sinatulukenso.

Zinali chonchi. Dona wa m'nyumbamo anali ndi mayi ake ku Portugal, nkhalamba imene inkalukira mdzukulu zovala poyang'ana pa zenera la kwawo. Kwawoko kukayamba kuzizira, inkatumiza majuzi, zipewa ndi masokosi a ubweya, n'kumafika ku Cuamba cha mu Novembala kapena Disembala, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Kwawoko kukatentha, inkatumiza timadiresi topyapyala, tofika mu Juni pamene anthu akuotha moto dzuwa lili pamutu. Dona, posafuna kukhumudwitsa mayi ake, ankaveka mwana zimene zabwerazo n'kuitana Mmwenye wojambula zithunzi. Tsikulo dona ankavala ndolo, bwana ankamanga tayi, mwana ankakhazikidwa pa pilo. Chithunzi chikangojambulidwa zonse zinkavulidwa, mwana n'kubwerera m'manja mwa Anastaziya ali ndi thewera lokha ngati kukutentha, kapena ali m'bulangeti ngati kukuzizira.

Munthu wina aliyense akanaona kuti ndi masewera a pachithunzi, osangalatsa nkhalamba ya kutali. Anastaziya anaonapo lamulo la anthu ozindikira: ubweya ndi wa Novembala ndi Disembala, zopepuka ndi za Juni. Zoti zovalazo zinkavulidwa Mmwenye asanatuluke pachipata, iye ankati ndi ulesi wa donayo, amene pamapeto pake anamuweruza kuti ndi Mpwitikizi wosakwanira. Banjalo litasamutsidwa, dona anamusiyira zovala zimene mwana anazikula, monga mmene munthu amasiyira wantchito mabotolo ndi zitini. Iye anazilandira ngati wapatsidwa udindo.

Kumudzi anafuna kuti azitchedwa Dona Anastaziya. Anthu a ku Ngauma saumira ulemu umene suwadyera kanthu: pamaso ankamutcha choncho, kumbali anali Nazipewa. Anasiya kukhala pamphasa. Ankakhala pa bokosi lake lija, mawondo atawaphatika, akuluka, ndipo wobwera kudzamuona ankayamba wadikira kuti mzere uthe. Tindodo timene anabwera nato titathyoka anatenga masipoko a njinga. Ubweya ankagula kwa Amade, Myao wa kasitolo ku Mandimba, amene ankagula majuzi otha kwa anthu obwera ku Halale, akazi ake n'kumawamasula kuseri kwa nyumba, iye n'kumalumbira kuti ulusiwo watsika m'sitima ya pamadzi kuchokera ku Lisboa. Wina unkanunkhabe thukuta la mwini wake woyamba. Ana a Amade mwiniyo m'chilimwe ankayenda ndi mkanda wa m'chiuno wokha, onenepa ngati maungu, ndipo iye akaona Dona akubwera ankawathamangitsira kuseri kuti asaononge malonda.

Chodabwitsa n'chakuti zipewazo zinayenda. Amayi ankabwera ndi mazira, ndi lichero la nyemba, wina ndi nkhuku, aliyense akufuna kachipewa ka khanda lake. Juzi sankaifuna, masokosi sankawafuna, chipewa basi. Anastaziya ankati n'chifukwa cha umbuli, munthu sangameze chitukuko chonse tsiku limodzi.

Chifukwa chake chenicheni chinali kutchalitchi. Padiri, wansembe amene ankabwera kudzapempheretsa m'deralo, anali atayamba nkhondo yolimbana ndi mankhwala a liwombo, phulusa la mizu losakaniza ndi mafuta a nsatsi limene amayi amamata pamalo pofewa paja pamutu pa khanda. Akaona mwana wamatidwa zakudazo, ankaimitsa pemphero n'kumupukuta ndi mpango wake, kwinaku akutchula Satana ndi abale ake onse. Amayi sanatsutse. Ndani angatsutsane ndi munthu wosunga makiyi a kumwamba? Anangopita kwa Nazipewa. Chipewa chobisa mankhwalawo chinkavekedwa mwana pofika pa mtengo wa mango wa panjira ya kutchalitchi, n'kuvulidwa pa mtengo womwewo pobwerera. Padiri anakondwa kuti chikunja chatha. Anastaziya anakondwa kuti mudzi watseguka maso. Palibe amene anaona chifukwa cholanda awiriwa chimwemwe chawo.

Wachitatu kukondwa anali shefi wa positu, ofesi ya boma ya panjira ya ku Mandimba, mzungu wa boma amene deralo linali m'manja mwake. Kwa zaka zambiri analibe chabwino cholembera akuluakulu ake ku Vila Cabral, kupatula msonkho wosakwana ndi anthu othawira ku Nyasalande. Lamulungu lina anadutsa pa galimoto n'kuona timitu tofiira, tobiriwira, tachikasu, tili mbwee pamisana ya amayi otuluka m'tchalitchi. Sabata yomweyo analemba kuti chitukuko chafika m'dera lake chifukwa cha khama lake, kuti chayambira kumutu, ndipo kuti posachedwapa chitsikira kumapazi.

Nthawi imeneyi Felesita anali atakwatiwa ndi Yakobo, wa kutsidya kwa malire, amene anabwera kudzakhala chikamwini ndi kulima fodya m'munda wa apongozi ake. Anali munthu wa manja aakulu ndi mawu ochepa, ndipo Anastaziya ankamuwerengera pamodzi ndi makasu. Mu Juni 1955 Felesita anabereka mwana wamwamuna, Luka.

Amene anagonapo kumapiri a ku Ngauma mu Juni akudziwa. Mwera umaomba ngati watumidwa, nkhungu imakhala m'munda mpaka dzuwa litakwera, madzi a mumtsuko amaluma mano. Khanda la nyengo imeneyo limakhala kumsana kapena pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhungu, mbereko m'kati, nsalu ina pamwamba, ndipo silipempha zoposa apo. Koma uyu anali mdzukulu wa Dona. Atangotuluka m'chikuta, Anastaziya anatsegula bokosi, anadumpha ubweya wonse umene unali pamwamba, n'kutulutsa kadiresi koyera kopyapyala ngati khoko la anyezi. Anati Juni ndi mwezi wa zopepuka, ubweya nthawi yake sinakwane. Mbereko anailetsa, ati imapinda miyendo, ndiponso ana a anthu sakhala kumsana ngati anyani. Anakapempha bokosi la sopo kwa Amade, anayalamo kansalu, n'kumagoneka mwanayo pakhonde m'mawa kuti odutsa aone mmene khanda limagonera kwa anthu ozindikira. Odutsa anaona, n'kumawonjezera liwiro.

Felesita uwu unali uchembere wake woyamba, ndipo pokhala woleredwa ndi achibale, mayi ake ankawaopa ngati mmene munthu amaopera mlendo wolemekezeka. Anamvera. Posakhalitsa Luka anayamba kutsokomola, kenako nthiti zinayamba kulowa m'kati akamapuma. Apo Felesita sanafunsenso munthu. Anamumanga pachifuwa pake ndi nsalu ziwiri n'kukhala pamoto osachoka, mpaka chibayo chinamusiya mwanayo ataonda ngati mwana wa mbalame. Anastaziya anati chifuwacho chachokera ku fungo la fodya wa mkamwini.

Ndi pamenepo pamene Yakobo analankhula. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, choncho anaima kuseri kwa nkhokwe, n'kulankhula ngati akuuza nkhokweyo.

"Apongozi, munda ndi wanu, bwalo ndi lanu, ine ndine mlendo. Koma mwanayu mukadzamuvekanso inu, ine ndi amake tidzawoloka. Kwathu nako kuli dothi."

Anastaziya anafunsa nkhuku zimene zinali pabwalo kuti kodi makasu anayamba liti kulankhula. Kenako anatembenukira kwa mwana wake kuti aseke naye. Felesita sanaseke.

"Mawuwo ndi anga, amayi. Iwowa angondinyamulira."

Apa Dona anachita mantha, ndipo m'pomveka. Analibe mwana wina. Felesita akachoka, mbumba yake yonse yachoka: wolima, wotunga madzi, wodzamutseka maso. Komanso mkazi amene mwana wake wamkazi wasiya dothi la kwawo n'kutsata mwamuna chifukwa cha mayi ake, mudzi umamuseka mpaka kumanda. Choncho anatseka bokosi. Chisanu chinatha, chilimwe chinalowa, iye akulukira ana a eni, wake akumuona ali pamphasa pamthunzi, kamkanda m'chiuno, akunenepa mopanda ulemu. Novembala atayandikira manja ankamuyabwa, koma ankangotsegula bokosi, kununkhiza ubweya, n'kutsekanso.

Kumayambiriro kwa mweziwo, mvula ikungolonjeza, kunabwera José, womasulira wa shefi, pa njinga ya boma, nsapato atazikoleka m'khosi. Anazivala pa malire a mudzi n'kulowa akutsimphina mwaulemerero. Uthenga unali wakuti nkhani ya zipewa ija inakondweretsa anthu ku Vila Cabral, ndipo mkazi wa bwana wina wamkulu akubwera kudzaona yekha makanda otukukawo. Mayi aliyense wa khanda apite ku positu, mwana atavala za ubweya. Wosapita akafotokozera mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja lija. Dona Anastaziya, ndipo José anakweza mawu potchula Dona, ndiye adzaime kumutu kwa mzere. Mwana wovala bwino koposa adzalandira mphatso ya ku Lisboa, imene ili kale mu ofesi, m'bokosi lokhoma ndi misomali.

Anastaziya anafunsa kukula kwa bokosilo. José anatambasula manja monga mmene womasulira amatambasulira chilichonse chodutsa mwa iye. Anastaziya anaona makina osokera m'maganizo mwake, ndipo kuyambira pamenepo sanaonenso china.

Felesita kukana kupita sakanatha, mbalamatodya sasankha dzanja la mayi woyamwitsa. Anagwirizana ndi mayi ake kuti Luka avale chipewa chokha, ndipo chivekedwe galimoto ikaoneka. Anastaziya anavomera msanga, mwina msanga kwambiri. M'kamtolo kake anaikamo juzi, kabudula wa ubweya wofika kumapazi, masokosi ndi shawelo, ati mwina kudzapezeka mwana wa wosauka amene alibe.

Pa positu panali mitengo ya mango ya mthunzi wabwino, koma mthunziwo unali utagawidwa kale. Unali wa mipando ya alendo, imene inakhala pamenepo tsiku lonse yopanda munthu, ikupuma bwino. Amayi anaimikidwa pamzere pabwalo poyera, moyang'anizana ndi mbendera. Ndiye shefi anatuluka, anaona fumbi la mumsewu, n'kuda nkhawa ndi chifuwa cha mlendo wake. Analamula kuti amayi achitsikana apite kumtsinje kukatunga madzi owaza msewu, kuyambira pokhota paja kutali mpaka pachipata, ana awasiyire akuluakulu. Asipayi, apolisi a shefi aja, anasankha poloza ndi ndodo, ndipo ndodo ina inaloza Felesita. Anamasula mbereko n'kupereka mwana.

"Amayi, chipewa chokha."

"Ndamva, mwanawe. Kodi ndine wamisala?"

"Chipewa chokha, galimoto ikaoneka."

Tinene zoona, Anastaziya anayesetsa. Anapirira mpaka pamene anaona mkazi wina wa ku Mitande atanyamula mwana wovala juzi yobiriwira, yoluka bwino, yosachokera m'manja mwake. Anayamba ndi masokosi, poti masokosi si chovala kwenikweni. Koma masokosi pa mwana wamaliseche ankaoneka ngati chipongwe, choncho panabwera kabudula. Kabudula anaitana juzi. Potsiriza shawelo, ndi chipewa chomanga ndi zingwe pansi pa chibwano, mfundo pamwamba pa mfundo. Luka, amene chichokereni chibayo anali asanavalepo cholemera kuposa mkanda, anasanduka mtolo wa thonje wopita kumsika.

Galimoto sinabwere. Dzuwa linakwera, linaima, ndipo linaoneka kuti lasangalala ndi malowo. Msewu unkauma otunga asanabwere ndi mitsuko ina, mwakuti ntchito yowaza inalibe mapeto ndipo sinafike n'komwe pafupi ndi chipata. Amayi a pamzere anachita zimene amayi amachita ndi lamulo: José akapita kumanzere, a kumanja ankavula ana zipewa, kuwakupiza ndi nsonga ya nsalu, kuwayamwitsa. Akabwerera kumanja, a kumanzere ankachita chimodzimodzi. Ngakhale wa ku Mitande uja anali atapinda juzi yake yobiriwira n'kuiika pamutu pake. Kumutu kwa mzere kokha ndi kumene lamulo linasungidwa lonse, ndipo kumeneko kunalibe bere. Luka analira, mawu anasasa, kenako anasiya.

"Mwaona? Wazolowera," Anastaziya anauza mayi amene anaima pambali pake.

"Mayi, mwanayo sanazolowere. Taonani milomoyo. Muvuleni."

Anastaziya anamuyankha ndi liwu limodzi la Chipwitikizi, mwa aja othamangitsira galu.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka. Mlendoyo anatsika ali ndi diresi yopyapyala yopanda manja, sipayi atamugwirira ambulera, iye akudzikupiza ndi mpango. Zipewa zonse zinabwerera pamitu nthawi imodzi, makanda onse n'kuyamba kukuwa pamodzi, mwakuti mawu olandirira alendo amene shefi anawakonza sabata yonse sanamveke ndi munthu, mwina kupatula mbendera. Dona mlendoyo anayenda pamzere mwachangu, nkhope atakwinya, mpaka anafika pa mwana mmodzi yekha wachete, mutu uli lende pa mkono wa agogo ake. Anaima. Anati uyu ndiye mwana woleredwa bwino, José n'kumasulira mokuwa kuti a kumbuyo amve ndi kuchita manyazi. Kenako donayo, amene mwina anali ndi ana akeake, anafunsa shefi ngati mwanayo sakumva kutentha. Shefi anayankha kuti khungu la anthu akuno ndi lina, dzuwa amabadwa nalo. José anaona kuti funsolo ndi yankho lake lomwe si za anthu wamba, sanamasulire.

Bokosi linatulutsidwa. Anastaziya anagwada, mwana kudzanja limodzi, linalo akugwira nsonga za zala za dona monga mmene anaonera ku Cuamba. Ndi pamenepo pamene Felesita anatulukira, mtsuko wodzaza uli pamutu, pakuti galimoto itadutsa msewu unalibenso ludzu. Anayang'ana kumutu kwa mzere kufuna mwana wamaliseche wa chipewa. Anaona mtolo.

Sanathamange, sanakuwe. Anadutsa pakati pa shefi ndi mlendo ngati akudutsa pakati pa mbuzi, anatula mtsuko, n'kutenga mwanayo. Mfundo za pachibwano zinali zitalimba ndi thukuta, anaziluma ndi mano. Anakoka shawelo, juzi, kabudula, masokosi, n'kumaponya pafumbi. Thupi linali lofiira, lotentha ngati phale, nsungu zili waa m'khosi ndi m'khwapa, maso ali theka. Anakhala pansi patsinde pa mbendera pomwepo n'kuyamba kumuthira madzi a boma pang'onopang'ono, kumutu, pachifuwa, kumsana. Mankhwala a liwombo anasungunuka n'kutsikira kumaso, akuda bii. Shefi anaona tsikulo chimene chinali pansi pa chitukuko chake, ndipo pokhala munthu wodziwa ntchito, anaganiza kuti sanaone.

Sipayi anakweza ndodo akuyang'ana shefi, shefi akuyang'ana mlendo, mlendo n'kufunsa José kuti chikuchitika n'chiyani. José, amene chibadwire sanasowepo yankho, anati ndi mwambo wa kuno: mwana akapambana, mayi ake amamusambitsa pamaso pa wopereka mphatso pofuna kuthokoza. Mlendoyo anati ndi mwambo wokongola, ndipo anaomba m'manja. Shefi anaomba. Sipayi anapanira ndodo kukhwapa n'kuomba nayenso. Ali m'kati moomba, Luka anakoka mpweya, analira kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka, n'kugwira bere.

Anastaziya anatola juzi n'kuikung'untha fumbi.

"Iwe Felesita, wandichititsa manyazi pamaso pa Azungu."

Felesita sanakweze mutu. "Amayi, ndinati chipewa chokha."

Pobwerera Anastaziya anayenda patsogolo yekha, bokosi la mphatso lili pamutu. Linali lopepuka kuposa makina aliwonse amene munthu anapangapo, koma iye anati za ku Lisboa n'zotero. Kumudzi analitsegula ndi khasu, anthu atazungulira. Munali udzu wouma, pansi pa udzuwo mapepala, ndipo pansi pa mapepalawo chidole cha tsitsi lachikasu, chotseka maso ukachigoneka. Mkazi wina ananena kumbuyo kuti Dona apeza tsopano mwana wowayenera, wosatuluka thukuta. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kuseri kwa nyumba Felesita anali akukulunga miphika m'mphasa.

Anastaziya anathamangira kwa ankhoswe kuti aletse ulendowo. Ankhoswe anamvetsera zonse mwaulemu, za Lisboa, za dona wamkulu, za mkamwini wosayamika, kenako anafunsa ngati mwana wayamba kuyamwa bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Anachoka mvula isanagwe. Yakobo anasiya mizere yopangidwa kale ndi mbande za fodya m'dimba, zimene zinauma poti Dona sadziwa kuthirira. Anadzera kanjira kozungulira Mandimba kumene asipayi sayang'ana, Luka ali kumsana.

Shefi anataya wokhoma msonkho mmodzi, koma anakwezedwa chifukwa cha zipewa n'kusamutsidwira kwina. Wolowa m'malo mwake anabwera ndi namwino amene ananena kuti chipewa cha ubweya ndi chisa cha nsabwe ndi zipere. José yemwe uja anabwera pa njinga yomwe ija kudzalengeza kuti mayi wopezeka ataveka khanda chipewa akafotokozera mbalamatodya, ndipo analankhula monyansidwa ngati munthu amene anadana ndi ubweya kuyambira ali m'mimba. Amayi anadula tinsalu n'kumamanga ana kumutu, Padiri sanazindikire kusiyana kwake, ndipo mazira anasiya kubwera kwa Nazipewa. Anayamba kulima yekha, mochedwa ndiponso mokhota. Chidole chinakhala pa bokosi lachitsulo, chovekedwa motsatira miyezi, ndipo sichinadwalepo.

Mu 1958 Amade, amene ankawoloka malire kawirikawiri kuposa mmene boma linkadziwira, anamuuza kuti Felesita ali ndi khanda lina, lalikazi. Anastaziya anagwira nkhuku, anamanga kamtolo, n'kuwoloka. Chimene chinali m'kamtolomo palibe akudziwa, chifukwa sanapatsidwe mpata wokamasula.

Felesita anawalandira mayi ake ndi ulemu wonse umene mlendo amalandira. Anawatenthetsera madzi, anawayalira mphasa yatsopano, anapha nkhuku ina osati imene anabwera nayo. Yakobo anapereka moni ali kuseri kwa nyumba, anafunsa za mvula, n'kupita kumunda. Luka anauzidwa kuti awa ndi agogo, anawayang'ana kumapazi mpaka kumutu, n'kuthamangira mbuzi. Koma khanda silinatsike kumsana. Felesita akamaphika lili kumsana, akamasinja lili kumsana, akamapita kukasamba ankalipereka kwa mlongo wake wa Yakobo, amene ankakumbukira nthawi yomweyo kuti ali ndi chochita kwa aneba. Anastaziya anadikira kuti apatsidwe, monga agogo amapatsidwira asanapemphe. Atatopa anatambasula manja.

"Tabwera nayeni kuno mwanayo ndimuone."

Felesita anayandikira, anatembenuka, n'kuwerama pang'ono kuti nkhope ya khanda ifike pamaso pa mayi ake.

"Muoneni, amayi."

Anastaziya anamuona, manja atawabwezera pamawondo. Anabwerera ku Ngauma msanga kuposa mmene ananenera pochoka. Ofunsa anawauza kuti ana ali moyo, koma akuvala ngati opanda kwawo, ndipo kuti Angerezi anthu awo sanawaphunzitse kanthu. Anthu anavomera kuti eya, n'zomvetsa chisoni, n'kupitiriza kusenda chinangwa.